Taika phiko kumbuyo, koma galimoto yayamba kukana makona: talakwitsa pati?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, ndipo mwachidule ikuti:

"Bambo, ine ndine makaniko, ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuthandiza alamu anga amene amathamangitsa galimoto yakale, yokankha ndi matayala a kumbuyo, pa mipikisano ya pa bwalo la Donnybrook. Mwezi wathawu tinasonkherana ndalama n'kugula phiko lalikulu, ndipo tinalimanga kumbuyo poganiza kuti galimoto igwira msewu ngati za Formula One zimene timaonera pa TV Lamlungu. Koma zatembenuka. Pa makona a liwiro galimoto ikukana kukhota, chiwongolero chikupepuka, ndipo pa msewu wowongoka anzathu amene tinkawasiya akutipitirira. Alamu akuti ndawaonongera galimoto. Ndimadabwanso kumva madalaivala a Formula One akudandaula kuti balansi palibe, chonsecho magalimoto awo ndi a ndalama zankhaninkhani. Kodi balansi imeneyi n'chiyani, ndipo ife talakwitsa pati?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo choyamba khazikani mtima pansi, inu pamodzi ndi alamu anuwo, chifukwa galimotoyo simunaiwononge. Zonse zitatu mwatchulazi, kukana kukhota, kupepuka kwa chiwongolero ndi kuchepa kwa liwiro pa msewu wowongoka, ndi umboni woti phiko lanu likugwiradi ntchito. Mapiko ambiri amene ndimawaona pa magalimoto a m'tauni muno ndi okongoletsa chabe, moti ngakhale mutawachotsa dalaivala sangamve kusintha kulikonse, koma lanuli likupsinja ndithu, kungoti likupsinja mbali imodzi yokha. Ndatha zaka zambiri ndikutchuna magalimoto a mpikisano, ndipo ndikutsimikizireni kuti vuto lanu la ku Donnybrook ndi dandaulo la madalaivala a Formula One ndi nkhani imodzi, kungosiyana kukula kwake.

Tiyambire pa njinga yakapalasa. Aliyense amene anakwezapo thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa kaliyala akudziwa zimene zimachitika thumbalo likatsetserekera kumbuyo: tayala la kutsogolo limapepuka, handulo imayamba kusewera, ndipo ukafuna kukhota pa mchenga njinga imangopitirira. Phiko lanu likuchita zomwezo. Mwalimanga kuseri kwa matayala a kumbuyo, ndiye likamapsinjira pansi, galimoto imakhala ngati thabwa lotsamira pa mwala, loti ukaponda mbali ino mbali inayo imadzuka. Onjezerani pamenepo kuti magalimoto a mumsewu, mwa mapangidwe awo, amalola mphepo yambiri kulowa pansi pa mphuno, ndipo mphepo imeneyo imanyamula kutsogolo pang'ono liwiro likamakwera. Kale galimoto yanu inkapepuka kutsogolo ndi kumbuyo komwe, mofanana ndithu, n'chifukwa chake alamu anu sankadandaula. Tsopano kumbuyo kwamata pa msewu pomwe kutsogolo kwapepukiratu, ndipo galimoto imakhota ndi matayala a kutsogolo.

Balansi imene mukuimvayo ndi yankho la funso limodzi: galimoto ikafika pa malire a mphamvu ya matayala ake pa kona, kodi ayambe kutsetsereka ndi ati? Akayamba a kutsogolo, galimoto imakana kukhota n'kumapita kunja kwa kona, ndipo zimenezi amazitcha understeer. Akayamba a kumbuyo, galimoto imataya mbuyo ngati ikufuna kuzungulira, ndiye oversteer imeneyo. Chimene chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale amakaniko odziwa ntchito, n'chakuti galimoto ya mapiko ili ndi mabalansi awiri okhala pamodzi. Yoyamba imachokera ku zitsulo, ndiye kuti kagawidwe ka kulemera, masipuling'i, ma shock absorber, stabilizer (chitsulo chochepetsa kupendekera kwa galimoto pa kona), mpweya wa m'matayala ndi kapendekedwe kake. Yachiwiri imachokera ku mphepo, ndipo imeneyi simakhala chimodzimodzi nthawi zonse, chifukwa mphamvu yopsinjira galimoto pansi, imene amaitcha downforce, imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti phiko lanu likupsinja ndi makilogalamu 10 pa liwiro la makilomita 60 pa ola: pa 120 lidzapsinja ndi makilogalamu 40, ndipo pa 180 lidzafika pa 90. Ndiye pa kona yokhota kwambiri, yoyenda pang'onopang'ono, zitsulo ndizo zimalamulira, koma pa kona ya liwiro mphepo ndiyo imalanda ufumu. Mawu a m'kalata mwanu akuti "pa makona a liwiro" ndi amene andiuza kuti vuto lanu ndi la mphepo, ndipo ndikupemphani kuti musakhudze masipuling'i musanamalize kuwerenga yankho lino.

Za anzanu amene akukupitirirani pa msewu wowongoka, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Phiko lililonse limene likupsinja limakokeranso galimoto m'mbuyo, ndipo kukoka kumeneku n'kodula kwambiri, chifukwa kuti mugonjetse mphepo pa liwiro lowirikiza kawiri, injini iyenera kutulutsa mphamvu zowirikiza kasanu n'katatu. Galimoto ya Formula One ili ndi mphamvu zoyandikira mahatchi 1,000, ndiye imakwanitsa kulipira mtengo umenewu, koma ngakhale iyo simalipira mwachisawawa. Ku Monaco, kumene makona ndi othinana ndipo misewu yowongoka ndi yaifupi, matimu amaika mapiko aakulu kwambiri amene ali nawo. Ku Monza, m'dziko la Italy, kumene Lewis Hamilton anazungulira bwalo lonse pa avereji yoposa makilomita 264 pa ola m'chaka cha 2020, amaika timapiko topyapyala, n'kuvomereza kuti galimoto izivina pa mabuleki ndi pa makona malinga ithamange powongoka. Galimoto ya alamu anu ilibe mahatchi oti iwononge, ndiye phiko lopendekeka kwambiri likudya mphamvu zimene zinali zochepa kale.

Palinso nkhani ya kukwera kwa malo, imene ife a kuno timaiwala chifukwa tinaizolowera. Harare ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi maperesenti pafupifupi 14 poyerekeza ndi wa ku Beira kapena ku Durban, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala umapepukiranso. Zimenezi zikutanthauza kuti phiko lomwelo limapsinja mochepa kuno, injini yopanda turbo imapuma movutikira, ndipo radiyeta ndi mabuleki sizizizira bwino. Matimu a Formula One amakumana ndi zimenezi mokulirapo ku Mexico City, pa mtunda wa mamita oposa 2,200, kumene amamanga mapiko aakulu ngati a ku Monaco koma downforce imene amapeza imakhala yonga ya ku Monza, ndipo magalimoto amadutsa makilomita 350 pa ola ndi mapiko aakuluwo. Choncho manambala amene ogulitsa phiko analemba pa katoni musawatenge ngati anayezedwa pa Arcturus Road, kumene kuli bwalo la Donnybrook.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lokoma kwambiri: n'chifukwa chiyani anthu okhala ndi mainjiniya mazanamazana amalephera kuipeza balansi? Yankho ndi lakuti malo amene mphepo ikupsinja galimoto sakhazikika, amayendayenda pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo mkati mwa kona imodzi yomweyo. Galimoto ya Formula One imanyamula pafupifupi maperesenti 45 a kulemera kwake pa matayala a kutsogolo, ndipo isanafike ngakhale makilomita 200 pa ola mphepo imakhala ikuipsinja ndi mphamvu yoposa kulemera kwakeko, n'chifukwa chake pa makona onga Copse ku Silverstone dalaivala amakankhidwira m'mbali ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa thupi lake kasanu. Mainjiniya amafuna kuti mphamvu ya mphepoyo igawike mogwirizana ndi kulemera kwa galimoto, koma taonani zimene zimachitika. Dalaivala akaponda mabuleki, mphuno imagwada, phiko la kutsogolo limayandikira msewu ndipo limapsinja kwambiri, pomwe kumbuyo kumakwera n'kupepuka, ndiye polowa pa kona galimoto imafuna kutaya mbuyo. Akasiya mabuleki pakati pa kona, mphuno imadzuka, liwiro latsika, kupsinja kwa kutsogolo kwathawa, ndipo galimoto yomwe ija imayamba kukana kukhota. Potuluka, akaponda mafuta, matayala a kumbuyo amapemphedwa kuti akankhe komanso agwire kona nthawi imodzi, ndiye mbuyo imayambanso kuvuta. Dalaivala akamanena pa wailesi kuti balansi palibe, kawirikawiri amakhala akunena kuti galimoto ikusintha khalidwe katatu pa kona imodzi, ndipo chimene mungakonze polowa chimaononga pakati.

Mavutowa anakula pamene akatswiri anazindikira kuti pansi pa galimoto pamapereka downforce yotsika mtengo kuposa mapiko. Timu ya Lotus, motsogozedwa ndi Colin Chapman, ndiyo inatsegula njira imeneyi ndi galimoto zake za 1977 ndi 1978, ndipo Mario Andretti anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1978 ndi galimoto yotchedwa Lotus 79. Pansi pake panaumbidwa ngati phiko lozondoka, mpweya umathamanga podutsa pa mpata wopapatiza pakati pa galimoto ndi msewu, ndipo galimoto imayamwidwira pansi popanda kukokedwa kwambiri m'mbuyo. Malamulo analetsa zimenezi kuyambira mu 1983, n'kuzibwezeretsa mu 2022. Koma mphamvu ya pansiyi imadalira kwambiri kutalika kwa mpata uja, ndipo mu 2022 tonse tinaona zotsatira zake pa TV. Galimoto ikathamanga inkayamwidwa mpaka mpata kutsala pang'ono kutsekeka, mpweya unkasokonezeka, mphamvu inkatha mwadzidzidzi, masipuling'i ankaidzutsa, kenaka n'kuyamwidwanso, mobwerezabwereza. Ku Baku chaka chimenecho Hamilton anatuluka m'galimoto yake ya Mercedes atagwira msana. Mankhwala odziwika anali kukweza galimoto, koma kukweza n'kutaya downforce, ndipo kulimbitsa masipuling'i kuti mpata usasinthe kumachititsa galimoto kudumphadumpha pa mabampu ndi kutaya kugwira msewu pa makona oyenda pang'onopang'ono. Kutsitsanso kuli ndi malire ake, chifukwa pansi pa galimoto iliyonse pali thabwa lochindikala mamilimita 10 limene m'zaka zimenezo sankaloledwa kuliperesa kuposa milimita imodzi, ndipo ku Austin mu 2023 Hamilton ndi Charles Leclerc anachotsedwa pa zotsatira za mpikisano chifukwa cha thabwa limeneli. Mwaona kuti paliponse pamene injiniya watembenukira pali ngongole yomudikira.

Mphepo ya kunja nayo ili ndi mbali yake, ndipo izi zikukukhudzani inu mwachindunji m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene mphepo imaomba kwambiri kuno. Phiko silidziwa liwiro la pa sipidomita, limangodziwa liwiro la mpweya umene ukulidutsa. Galimoto ikamakhota pa makilomita 100 pa ola, mphepo ya makilomita 20 pa ola ikuchokera kumbuyo, phiko limamva 80 yokha ndipo limatsala ndi maperesenti 64 a mphamvu zake, pomwe mphepo yomweyo ikachokera kutsogolo phiko limamva 120 ndipo mphamvu imakwera kufika pa maperesenti 144. Dalaivala amene analowa bwino pa kona m'mawa akhoza kutaya mbuyo n'kuzungulira pa kona yomweyo masana asanalakwitse chilichonse. Kutsatira galimoto ina pafupi kumachitanso zofanana, popeza ya kutsogolo imasiya mpweya wovunduka, ndipo choyamba kuvutika ndi phiko la kutsogolo la wotsatirayo, kotero amayamba kukana kukhota pa nthawi imene akufuna kuyandikira mnzake. Ndicho chifukwa chake mu 2011 anabweretsa DRS, kachitseko ka pa phiko la kumbuyo kamene mpaka 2025 dalaivala ankatsegula pa msewu wowongoka akakhala pasanathe sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzake. Chimene chimandisangalatsa pa malamulo a 2026 n'chakuti mapiko onse awiri, la kutsogolo ndi la kumbuyo, amasuntha pamodzi, chifukwa kuchepetsa kwambiri kupsinja kwa mbali imodzi yokha kungasiye galimoto yopendekera kumodzi ngati yanuyo.

Matayala ndiwo amalipira zolakwika zonsezi. Galimoto yokana kukhota imakhwekhwereza matayala a kutsogolo, amatentha, amayamba kunyenyeka pamwamba, ndipo akatero amagwira mochepa, ndiye kukana kuja kumakula ndi ulendo uliwonse wozungulira bwalo. Yotaya mbuyo imaphika a kumbuyo mwa njira yomweyo. N'chifukwa chake nthawi zina timu imasankha phiko lokulirapo, n'kuvomera kuchedwa powongoka, kuti matayala asatsetsereke ndipo afike kumapeto ali ndi moyo. Mafuta nawonso amasintha zinthu, popeza galimoto imene yanyamuka ndi petulo wa mpikisano wonse imakhala ina ikamafika kumapeto thanki itapepuka. Dalaivala ali ndi zida zochepa zoti adzithandize nazo ali pa liwiro, monga kusuntha mphamvu ya mabuleki kupita kutsogolo kapena kumbuyo ndi kusintha kagwiridwe ntchito ka difu, chitsulo chogawa mphamvu ya injini ku matayala a kumbuyo, pogwiritsa ntchito mabatani a pa chiwongolero, ndipo akaima posintha matayala amakaniko amatha kupotokola phiko la kutsogolo pang'ono. Zina zonse zimatsekedwa ndi malamulo mpikisano wopezera malo oyambira ukangoyamba, ndiye chisankho cholakwika cha Loweruka timu imakhala nacho mpaka Lamlungu madzulo.

Pano ndinene maganizo anga mosabisa, chifukwa ndi amene ndimayendera pa ntchito yanga. Galimoto ya downforce yochepa koma yokhazikika, imene dalaivala akudziwa chimene ichite akaponda mabuleki, imathamanga kuposa ya downforce yambiri imene imasintha khalidwe mosachenjeza. Munthu amene sakuikhulupirira mbuyo ya galimoto yake amaponda mabuleki msanga pa kona iliyonse, ndipo nthawi imene amataya pamenepo imaposa imene phiko lamupatsa. Madalaivala amasiyananso pa zimene angathe kupirira. N'zodziwika kuti Max Verstappen amakonda galimoto yakuthwa kwambiri kutsogolo, yolowa pa kona msanga ngakhale mbuyo ikusewera, ndipo madalaivala angapo aluso amene anayendetsapo naye m'timu imodzi anavutika ndi galimoto yotero. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa zaka zapitazo, pamene ndinamangira dalaivala wina wachinyamata thabwa lalikulu pansi pa mphuno ya galimoto yake popanda kuwonjezera chilichonse kumbuyo. Pa maulendo oyamba, akuyenda mosamala, anasangalala kuti galimoto ikumvera chiwongolero, koma atayamba kuthamanga n'kukhudza mabuleki polowa pa kona ya liwiro, mbuyo inachoka kamodzin'kamodzi ndipo anakathera m'udzu. Sanavulale, tithokoze Mulungu, koma zinamutengera chaka chathunthu kuti ayambenso kulowa pa kona imeneyo ndi mtima wonse, ndipo cholakwa chinali changa. Kuyambira tsiku limenelo ndimatchuna galimoto kuti pa liwiro lalikulu izikana pang'ono, ndipo kuthwa ndimakufunafuna pa makona oyenda pang'onopang'ono. Mwa njira imeneyi inu mwalakwitsira ku mbali yabwinoko, kungoti mwapyola muyeso.

Musaganize komabe kuti kupepuka kwa kutsogolo kulibe ngozi. Ku mpikisano wa maola 24 wa Le Mans, ku France, mu 1999 magalimoto a Mercedes anauluka m'mwamba katatu m'sabata imodzi, kawiri akuyendetsa Mark Webber ndipo kamodzi Peter Dumbreck, mpweya utalowa pansi pa mphuno pa liwiro lalikulu. Galimoto ya alamu anu sifika pa liwiro limenelo, koma chiwongolero chopepuka ndi chenjezo loti matayala amene amawongolera, amenenso amagwira ntchito yaikulu ya mabuleki, akuchepekedwa katundu pa nthawi imene akufunika kwambiri.

Chimene ndingakulangizeni kuti muchite ndi ichi. Pa tsiku loyeserera ku Donnybrook, osati pa msewu wa anthu onse, chotsani phikolo ndipo alamu anu azungulire maulendo asanu, inu mukulemba nthawi, mpweya wa tayala lililonse likangoima lili lotentha, ndi kumene mphepo ikuchokera. Kenaka bwezerani phiko koma muligoneke pafupifupi mosapendekeka, n'kubwereza zomwezo pa matayala omwewo ndi mafuta ofanana. Ambiri amadabwa kuti phiko logona limapsinjabe, koma chifukwa chake n'chakuti mpweya wochokera pa denga umatsetserekera pansi potsata galasi la kumbuyo, ndiye umafika pa phiko uli wopendekeka kale. Ndikukayikira kuti lanulo mwaliimika kwambiri mpaka mpweya ukulephera kutsata kunsi kwake, ndipo phiko likafika pamenepo limakoka kwambiri m'mbuyo koma kupsinja kwake sikukula. Njira yotsika mtengo yodziwira ndi kudula tizidutswa ta ulusi wolukira majuzi, totalika ngati chala, n'kutimata ndi selotepi kunsi kwa phiko, kenaka kumangirira foni molimba kuti ijambule. Ulusi ukagona mowongoka kuloza kumbuyo, mpweya ukuyenda bwino, koma ukamavina kapena kuloza kutsogolo, chepetsani kupendekeka. Matimu a Formula One amachita zomwezi ndi penti yobiriwira ija mumaiona atapaka pa galimoto Lachisanu. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, ngakhale dzuwa likuthamanga, ndipo alamu anu muziwafunsa mafunso atatu okhaokha pa kona iliyonse: galimoto ikutani polowa, ikutani pakati, ikutani potuluka.

Mukapeza kuti ndi phiko logona nthawi yatsika ndipo dalaivala ali ndi mtendere, mukhoza kulekera pomwepo. Mukafuna kupitirira, ndiye kuti nthawi yakwana yopatsa kutsogolo gawo lake, pomanga thabwa lopyapyala koma lolimba pansi pa bampala, lotulukira kutsogolo pang'ono, limene amalitcha splitter, pamodzi ndi chotchinga choletsa mpweya kulowa pansi, komanso kutsegula njira yoti mpweya wotentha wa radiyeta uzitulukira pamwamba pa boneti. Yambani ndi laling'ono, ndipo mukumbukire nkhani ya mnyamata uja. Njira imene sindikufuna kuti muitenge ndi yothetsa vuto la mphepo ndi zitsulo, monga kulimbitsa stabilizer ya kumbuyo kapena kupopa kwambiri matayala a kumbuyo kuti galimoto ivomere kukhota. Pa kona ya liwiro zidzaoneka ngati zatheka, koma pa kona yoyenda pang'onopang'ono, pamene phiko lilibe mphamvu, galimoto yokankha ndi matayala a kumbuyo idzataya mbuyo alamu anu akangoponda mafuta. Ndipo ngati mawotchi akusonyeza kuti galimoto ikuthamanga bwino popanda phiko, musachite manyazi kulichotsa, chifukwa pa galimoto ya mphamvu zochepa ndalama zomwezo zikanagula matayala abwino kapena ma shock absorber atsopano zikanabweza zambiri.

Pali zinthu zingapo zimene musazichite nokha. Choyamba ndi kamangidwe ka phikolo. Ngati mwalimangirira pa chitseko cha buti ndi mabawuti ochepa, dziwani kuti chitsulo cha pamenepo n'chopyapyala ndipo chimatopa ndi kugwedezeka, ndipo phiko likathyoka pakati pa kona mbuyo imataya mphamvu yake yonse m'kuphethira kwa diso. Mapiko atangoyamba mu Formula One m'chaka cha 1968 ankawaimika pa timitengo tatitali, ndipo mu 1969 ku Barcelona mapiko a magalimoto onse awiri a Lotus, ya Graham Hill ndi ya Jochen Rindt, anathyoka pa malo amodzimodzi n'kuchititsa ngozi zoopsa, zimene zinachititsa kuti mapiko ataliatali aletsedwe. Pezani wowotcherera amene anapangapo zitsulo zoteteza dalaivala m'magalimoto a mpikisano kuti akumangireni miyendo ya phiko yofika pa chasisi, ndipo splitter nayo imangiriridwe pa chasisi, osati pa pulasitiki ya bampala. Chachiwiri, onanani ndi oyendera magalimoto a kalabu yanu lisanafike tsiku la mpikisano, kuti akuuzeni ngati gulu limene mumapikisanamo limalola phiko la kukula ndi kutalika kumeneko. Chachitatu, mukachotsa phiko koma chiwongolero n'kumapepukabe, kapena galimoto ikamakhota bwino kumanja koma kumanzere n'kumakana, kapena ngati inagundapo chinthu kale, ndiye kuti pali vuto lina lobisika m'miyendo kapena m'chasisi, ndipo muipititse kumene ali ndi makina oyezera alainimenti ndi masikelo oyezera kulemera kwa tayala lililonse, dalaivala ali pampando wake.

Mukachita mayeso aja mundilemberenso, ndipo munditumizire nthawi za maulendo onse, mpweya wa matayala onse anayi, kutalika kwa galimoto kuchokera pansi kutsogolo ndi kumbuyo, chithunzi cha m'mbali chosonyeza pamene phiko lakhala poyerekeza ndi denga, ndi mawu enieni amene alamu anu ananena atangotsika m'galimoto. Ndi zimenezo ndidzatha kukuuzani ngati mukufunika splitter komanso kukula kumene muyambire.